Oyeza malo akafika, mukaime nokha pamalire

Alimi a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, nkhani ya kalembera wa malo a makolo musaione ngati ya ku Capital Hill. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa munda n'kulandira chiphaso. Ntchitoyi idayesedwa kale m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo cholinga cha boma n'choti ifike paliponse.

Kuyeza kwa masiku ano sikwa chingwe. Oyeza amabwera ndi kachipangizo ka GPS kapena foni, n'kumadina pangodya iliyonse ya munda. Manambalawo amalowa m'kompyuta, momwe amasanjikizidwa pa chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba pamodzi ndi mapu a mitsinje, misewu, nthaka ndi nkhalango. Luso limeneli ndilo amati GIS. Mukaloza munda umodzi, kompyuta imatulutsa dzina la mwini, kukula kwake ndi oyandikana nawo.

Koma makinawa sadziwa kuti chitsa cha muwanga chija ndiye malire omwe agogo anu adagwirizana ndi anansi. Amalemba pomwe munthu waloza tsiku limenelo, basi. Woloza akalakwitsa kapena kunama, cholakwikacho chimalowa m'kaundula, ndipo kuchichotsa n'kovuta kuposa kuchipewa.

Kuno kumadzulo kwa Lilongwe phunziro tili nalo kale. Pansi pa malamulo a 1967 ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chomwe chidayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, minda idayezedwa n'kulembetsedwa ngati ndunda. Malo a banja lonse ankalembedwa kudzera mwa munthu mmodzi woimira banjalo. Zaka zitapita, woimira uja adamwalira, adzukulu adachuluka, koma pepala silidasinthe. Mikangano ina yomwe mafumu akuweruza lero idachokera pomwepo. Ngati banja lanu lili ndi mapepala a ndunda, afunefuneni tsopano, muwasunge pouma, ndipo mukafunse kuofesi ya za malo kuti dzina lomwe lili m'kaundula ndi la ndani.

Tsono oyeza akamabwera m'mudzi mwanu, konzekani motere. Khalani pansi ndi anansi anu tsikulo lisadafike, muyende limodzi m'malire ndipo mubzale vetiva, khonje kapena mitengo pomwe mwagwirizana. Tsiku loyeza mukaimepo nokha, osatuma mwana kapena waganyu. Mapu akapachikidwa kuti anthu aone, kawerengeni dzina lanu ndi maonekedwe a munda wanu. Mukaona cholakwika, nenani nthawi yomweyo.

Inu amayi, kuno minda yambiri imatsata kuchikazi, choncho musalole kuti mukhale kunyumba mukuphikira alendo pomwe munda wa amayi anu ukulembedwa dzina la munthu wina. Lamulo likuti komiti ya malo, yomwe wapampando wake ndi gulupu, ikhale ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Mkangano ukakanika pamenepo, pali bwalo la za malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, kenako la paboma.

Muonetsetsenso kuti malo a tonse alowa pa mapu: dambo lodyetsera ziweto, manda, nkhalango ya mudzi, njira yopita kumjigo ndi magombe a mitsinje. Malo osaoneka pa mapu ndiwo amayamba kudyedwa. Zithunzi za kumwamba za zaka zosiyanasiyana zimaonetsa momwe mitengo yathera, momwe zigwembe zikukulira komanso momwe madimba alowera mpaka m'madzi m'mitsinje yothira mu Bua. Mudzi wokhala ndi mapu otere umadziwa poyambira kukonza milambala ndi pobzala mitengo.

Phindu lina ndi la m'thumba. Ambiri timangoti "ndili ndi maekala awiri" osayezapo. Ekala imodzi ndi pafupifupi mamita 64 mulitali ndi 64 mulifupi, ndipo hekitala ndi maekala awiri ndi theka. Pa hekitala ya chimanga cha haibulidi chobzala imodziimodzi pamafunika mbewu yokwana makilogalamu 25, matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi atatu a Urea. Mukaganiza kuti munda ndi waung'ono pomwe ndi waukulu, feteleza amachepa ndipo chimanga chimachita chikasu. Mukaukuza, mumagula mbewu yambiri ndi kulipira aganyu ndalama ya malo omwe kulibe.

Pa ichi simufunika kudikira kalembera. Mlangizi kapena wachinyamata wodziwa foni angathe kuzungulira munda wanu n'kukuuzani kukula kwake. Muyeso wotere si chiphaso, sungakuimireni pamlandu, koma ndi wokwanira kuwerengera zipangizo. Yezetsani mizere isadaungidwe, mulembe m'kope la pakhomo, ndipo chaka chino mukagule feteleza mukudziwa munda womwe mukudyetsa.