Njinga ya Bambo pa Mayeso a Chingerezi

Tisanalowe mu pologalamu yotsatira, ndilankhuleko ndi anamwino komanso ophunzira amene akukonzekera mayeso a IELTS kuti akagwire ntchito kapena kuphunzira ku Britain. Gawo loyankhula limatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo woyesa amayamba ndi mafunso wamba, monga akuti: kodi munali ndi njinga muli mwana? Nanga kwanuko anthu amapalasa kwambiri?

Ena amaloweza yankho la m'buku, za njinga yofiira yomwe anapatsidwa pa tsiku lobadwa. Zoloweza zimadziwika msanga, ndipo woyesa sazikonda. Chonsecho ambirife tinaphunzirira pa Humber ya bambo, mwendo utalowa kunsi kwa chitsulo chapakati poti chishalo sitinkachifikira, mkulu wathu akuthamanga pambuyo atagwira kaliyala, mawondo ali zipsera zokhazokha. Nkhani yotere imakukakamizani kugwiritsa ntchito aneni a nthawi yakale, zomwe funsolo likufuna.

Funso lachiwirilo musavutike nalo: akabaza a ku Salima alipo, ogulitsa makala olowa mu Lilongwe m'bandakucha aliponso.

Madzulo ano pezani mnzanu, mumufotokozere nkhani yanuyo m'Chingerezi kwa mphindi ziwiri osaima.