Anamutcha Yudasi: Bwanamkubwa Richardson ndi Mavoti a Alatino

Pa 21 Malichi, 2008, tsiku limene linali Lachisanu Loyera, Bwanamkubwa wa chigawo cha New Mexico m'dziko la Amereka, a Bill Richardson, anaimirira pamaso pa khamu la anthu mumzinda wa Portland nalengeza kuti iwo ali pambuyo pa a Barack Obama pa mpikisano wofuna munthu wodzaimira chipani cha Democratic pa masankho a Pulezidenti. Mawuwo asanazizire, a James Carville, amene anali mlangizi wa banja la a Clinton kwa zaka zambiri, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti mchitidwe wotere unali wofanana ndi wa Yudasi, uja anapereka Mbuye wake pa ndalama 30 zasiliva. Anthu atadandaula kuti mawuwo anali oposa muyeso, a Carville anakana kuwabweza.

Mkwiyo wawo sunali wopanda gwero. A Richardson anakwezedwa ndi Pulezidenti Bill Clinton, amene anawasankha kukhala kazembe wa Amereka ku bungwe la United Nations m'chaka cha 1997, ndipo m'chaka chotsatira anawaika kukhala nduna yoona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta. Tsono mu 2008 mkazi wa Pulezidenti yemweyo, Mai Hillary Clinton, ndiye anali kulimbana ndi a Obama. A Richardson nawonso anayamba apikisana, koma anasiya mu Januwale ataona kuti sizikuwayendera. Kuyambira pomwepo mbali zonse ziwiri zinali kuwanyengerera, kotero kuti a Bill Clinton anachita kupita okha ku New Mexico kukaonera nawo mpira pa kanema. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. A Clinton anayesa kuti anaika, ndipo pa tsiku lokatenga anapeza nkhokwe ili pululu.

Chimene chinachititsa kuti munthu mmodziyu afunidwe chotere ndi mtundu wake. Mai ake a Richardson anali a ku Mexico, iwo anakulira mumzinda wa Mexico City, ndipo pa nthawiyo anali Bwanamkubwa yekhayo wa Chilatino m'zigawo zonse za Amereka. Alatino ndiwo anthu a m'dzikomo amene makolo awo anachokera ku Mexico, Puerto Rico, Cuba ndi maiko ena olankhula Chisipanishi. Kalembera wa 2020 anapeza kuti alipo oposa 62 miliyoni. Pa masankho achipulula, pamene chigawo chilichonse chimavota pa tsiku lake kusankha nthumwi zopita ku msonkhano waukulu wa chipani, mawu awo amalemera kwambiri m'zigawo monga California, Texas, Nevada ndi New Mexico. Ku California ndi ku Texas mu 2008, pafupifupi atatu mwa anthu khumi alionse amene anavota m'chipani cha Democratic anali Alatino.

Koma pali chinthu chimene okangana aja anachilumpha. Pofika tsiku limene a Richardson analankhula, zigawo zinayi zonsezi zinali zitavota kale, ndipo Alatino anali atasonyeza mtima wawo popanda kudikira Bwanamkubwa. Pa 5 Febuluwale ku California, ndi pa 4 Malichi ku Texas, Mai Clinton analandira mavoti a Alatino pafupifupi awiri pa atatu alionse. Ngakhale ku New Mexico kwenikweniko anapambana, ngakhale kuti kunali kopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Malo aakulu a olankhula Chisipanishi amene anatsala anali chilumba cha Puerto Rico, ndipo pa 1 Juni, patapita miyezi iwiri a Richardson atatembenuka, chilumbacho chinapatsa Mai Clinton mavoti pafupifupi 68 pa 100 alionse. Chimene a Richardson anapereka kwa a Obama chinali voti yawo imodzi monga nthumwi yapadera ya chipani, pamodzi ndi chizindikiro kwa akuluakulu ena chakuti kusiya banja la a Clinton n'kotheka. Chimenecho sichinali chaching'ono, koma gulu la ovota sanalitenge.

Sanali a Richardson okha amene analephera kusamutsa anthuwa. Ku Nevada, bungwe la apantchito a m'mahotela ndi m'makhitchini a ku Las Vegas, lotchedwa Culinary Workers Union, limene mamembala ake ambiri ndi Alatino, linagamula zothandiza a Obama. Pa 19 Januwale anthu ake anapita kukavota, ndipo ochuluka anaima kumbali ya Mai Clinton atsogoleri awo akuona. Patapita masiku owerengeka a Edward Kennedy nawo analengeza kuti ali ndi a Obama. Dzina la Kennedy ndi lolemekezeka pakati pa Alatino. Mu 1960 iwo anakhazikitsa magulu otchedwa Viva Kennedy kuthandiza a John Kennedy, ndipo mu Malichi 1968 a Robert Kennedy anapita ku Delano kukakhala pambali pa a Cesar Chavez, mtsogoleri wa antchito a m'minda ya mphesa, pa tsiku limene anamasula kusala kudya kwawo. Kukadakhala kuti kukhulupirika ndi chuma chosiyirana pa banja, a Edward Kennedy akadapereka California m'manja mwa a Obama. Anayendayenda nalankhula, koma sizinatheke.

Nanga anthuwa anakakamiriranji Mai Clinton? Yankho loyamba ndi lakuti anawadziwa. Mu 1972, asanakwatiwe n'komwe, Mai Clinton anagwira ntchito yolembetsa ovota ku Texas, ndipo analowa m'makomo a anthu ochokera ku Mexico kum'mwera kwa chigawocho. Maubwenzi amene anamanga chaka chimenecho anawasamala kwa zaka zoposa 30. Amuna awo atakhala Pulezidenti mu 1993 anaika a Henry Cisneros ndi a Federico Peña m'nduna zawo, ndipo zaka zimenezo zinali za ntchito zambiri, pamene mabanja ochuluka a Alatino anayamba kugula nyumba zawozawo. Woyendetsa kampeni ya Mai Clinton poyamba, Mai Patti Solis Doyle, anali mwana wa anthu osamuka ku Mexico. Mfumu ya mzinda wa Los Angeles, a Antonio Villaraigosa, anali nawo, ndiponso Mai Dolores Huerta, amene anayambitsa bungwe la antchito a m'minda pamodzi ndi a Chavez. A Obama anali atakhala m'nyumba ya malamulo ya Senate zaka zitatu zokha, ndipo kwa munthu wa m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande anali mlendo amene dzina lake analimva dzulo.

Panamveka yankho lina loipa. Katswiri wina wofufuza maganizo a ovota, amene anali kugwirira ntchito Mai Clinton, ananena kuti Alatino sanazolowere kuvotera munthu wakuda, ndipo manyuzipepala ambiri anaitola nkhaniyo naiyendetsa ngati choonadi. Aphunzitsi amene amaphunzitsa ana kusiyanitsa umboni ndi mphekesera angapeze chitsanzo chabwino pamenepa, pakuti mphekeserayo sinathe chaka. Mai Clinton anavomera kugonja pa 7 Juni napempha owatsatira kuti athandize a Obama. Mu Novembala Alatino 67 pa 100 alionse anavotera a Obama, ndipo a John McCain a chipani cha Republican anapeza 31 okha. New Mexico, Nevada, Colorado ndi Florida, zigawo zimene zinavotera a George W. Bush mu 2004, zonse zinagwera kwa a Obama. Anthu amene ananenedwa kuti ndi atsankho anali chabe kusankha amene anamdziwa pakati pa anthu awiri a nyumba imodzi.

Mapeto a akuluakulu aja ali ndi kachiseko kake. Mai Clinton, amene anati aperekedwa, ndiwo anakhala nduna yoona za maiko akunja m'Boma la a Obama. A Richardson anasankhidwa kukhala nduna ya zamalonda, koma mu Januwale 2009 anabweza dzina lawo chifukwa cha kafukufuku wokhudza makontrakiti a Boma la New Mexico, ngakhale kuti pambuyo pake sanaimbidwe mlandu uliwonse. Anamwalira mu 2023.

Cholakwa chachikulu chinadza pambuyo, pamene chipani cha Democratic chinayamba kuwerengera mavoti a Alatino monga munthu awerengera chimanga chimene chili kale m'nkhokwe. Pa masankho achipulula a 2020, akuluakulu ambiri a chipani anali ndi a Joe Biden, koma Alatino a ku Nevada ndi California, makamaka achinyamata, anakonda a Bernie Sanders, amene anthu awo anayenda khomo ndi khomo kwa miyezi yambiri akulankhula Chisipanishi za malipiro ndi za chipatala. Inali njira yomwe ija ya 1972, koma woyendamo anali wina.

Ndipo kum'mwera kwa Texas, kumene Mai Clinton anayambira, nthaka inasuntha koposa. M'boma la Starr, kumene pafupifupi munthu aliyense ndi Mlatino, iwo analandira mavoti 79 pa 100 alionse mu 2016. Mu 2020 a Biden anapambanako movutikira. Mu 2024 bomalo linavotera a Donald Trump, ndipo aka kanali koyamba kuti lisankhe munthu wa chipani cha Republican patapita zaka zoposa 100.