NYALI ZA GALIMOTO ZIKUPSA MWEZI NDI MWEZI, AYANKHE NDANI?

Anyamata anzanga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Namiasi, Monkey Bay, Msaka, mpaka inu a ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, ndapota nanu werengani mpaka pansi. Ndi yaitali inde, koma bandulo imene mumathera pa mpira wa azungu ndi yambiri kuposa iyi.

Usiku wina kaimeni pamsewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay kwa ola limodzi lokha, muwerenge galimoto zoyenda ndi diso limodzi. Mutopa nokha. Galimoto ya diso limodzi mumdima imaoneka ngati njinga yamoto. Wa kabaza amangopatuka pang'ono poganiza kuti akudutsana ndi mnzake, osadziwa kuti mbali yamdimayo kuli chitsulo china chotambalala kuposa mita. Pamsewu womwewo pamayenda amayi athu m'bandakucha atasenza mabeseni a usipa, pamayenda ana a sukulu, mbuzi, ng'ombe. Ndiye tikamakamba za babu la galimoto tisamakambe ngati nkhani ya tochi ya kubafa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti tinazolowera. Babu likapsa, timati gula lina. Likapsanso pakatha masabata atatu, gulanso. Wa trafiki akaimitsa, dalaivala amalipira chindapusa, bwana wake n'kumudula pa malipiro, nkhani yatha. Ena mpaka amati galimotoyo anaiponyera mankhwala. Pa anthu onse amene anadyapo ndalama pa galimoto imeneyo, kuyambira amene anaipanga, amene anaibweretsa, mpaka amene anagulitsa babu, amene amalangidwa ndi mmodzi yekha, wosaukitsitsa uja wogwira chiwongolero.

Ine ndine makaniko wa mainjini a maboti, si wa galimoto. Koma kwathu kuno munthu ukakhala ndi tesita, aliyense amene magetsi amuvuta amabwera kwa iwe, ndipo magetsi a boti ndi a galimoto sasiyana khalidwe. Mwana aliyense wa msodzi amadziwa kuti nyali za siginala zikathima pakati pa nyanja, usipa wabalalika, mafuta apita, alovi abwerera chimanjamanja. Palibe mwini chilimira amene angavomere kugula mababu othima sabata iliyonse osakafunsa kumene anawagula. Nanga pamsewu tikuvomereranji?

Babu silipsa lokha popanda chifukwa. Mababu ambiri a timagalimoto tathuti ndi a halogen, ambiri mwa iwo ndi aja olembedwa H4 12V 60/55W, kutanthauza 60 watts pa fulu, 55 pa dimu. Babu lenileni lotere limayenera kuyaka maola mazana angapo. Tiyerekeze kuti mumayenda maola awiri usiku uliwonse. Masabata atatu ndi maola 42 okha. Babu lofa pa maola 42 silinafe ndi ukalamba, laphedwa, ndipo wolipha amapezeka.

Woyamba kumukayikira ndi olutaneta. Injini ikamalira, pa batire pamayenera kuwerengeka pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts. Mkati mwa olutaneta muli kachipangizo kotchedwa regulator, ntchito yake ndi kuwagwira magetsi kuti asapitirire pamenepo. Kakatopa, magetsi amakwera kufika 15 kapena 16. Opanga mababu eni ake amanena kuti magetsi akangokwera ndi 5 pa 100, moyo wa babu umadulidwa pafupifupi pakati. Mukaona nyali zikuwala kwambiri mukaponda moto, batire likuuma madzi msanga kapena likununkha ngati dzira lovunda, musataye ndalama pa babu. Ngakhale mugule la golide, lipsa basi.

Zina n'zazing'ono. Galasi la halogen silifuna kugwiridwa ndi zala, mafuta a m'manja amasiya malo amene amatentha kuposa pena, babu n'kufooka. Chigoba cha nyali chikang'ambika, madzi a mvula amalowa. Chikamagwedera chifukwa anachimanga ndi linya, maenje a pamsewu amadula kawaya ka mkati kaja. Waya wa ethi ukachita dzimbiri, nyali zimachita ngati zikuphethira. Ndipo inu amene mumaika mababu a 100/90W kuti muziwala ngati ndege, mawaya ndi pulagi za galimotozo anazipangira 60/55, ndiye zikasungunuka musadabwe. Inunso a ma LED oyera mbee oikidwa m'chigoba cha halogen, mukungotithobwa m'maso ife obwera kutsogolo kwanu, chonsecho msewu wake simukuuona bwino.

Zonsezi ndazitchula dala kuti wina asadzati mnyamata wa ku dooko akungokuwa osadziwa. Zathu tikuzidziwa. Tsopano tikambe zawo.

Chaka chino zandipeza galimoto zitatu za mtundu umodzi, zopangidwa zaka zoyandikana, eni ake osadziwana. Dzina la kampani sinditchula. Zonse zitatu olutaneta ili bwino, 14.2 kapena 14.3. Mababu ake oyenera. Zigoba zosang'ambika. Koma zonse pulagi ya nyali yasungunuka, ndipo yasungunukira pa phini limodzimodzi. Nditasenda waya ndinapeza kawaya koonda ngati ulusi wosokera ukonde. Phini likatentha limamasuka, likamasuka limayamba kuthetheka, likamathetheka limatenthanso kwambiri, mpaka nyali kumathima yokha galimoto ili pa liwiro, kenako kuyakanso ikagunda bampu. Galimoto imodzi tinganene kuti mwini wake ndi wosasamala. Ziwiri, mwina zangochitika. Zitatu pamalo amodzimodzi, aise, ameneyo ndi amene anasankha waya uja ku fakitale.

Mmodzi mwa eni akewo ndi msuweni wanga, amanyamula anthu. Miyezi inayi anagula mababu asanu. Tinaimbira foni kwa amene amagulitsa galimoto zatsopano za mtunduwo ku tauni. Anatilandira bwino, ulemu wonse. Funso loyamba, munaigula kwa ife? Titati ayi, inabwera kuchokera ku Japan, anati pepani bambo, imeneyo si yathu. Titafunsa ngati ali ndi pulagi yatsopano, pompo anatiuza mtengo ndi tsiku loti tikatenge. Ndiye pogulitsa sipeya galimotoyo ndi yawo, poyankha za vuto si yawo. Chizindikiro chimene chili pamphuno pake ndi chomwechija chimene anapachika pa geti pawo.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena kale. Mukuti amwene, munagula kaunjika, galimoto ya zaka khumi ndi zisanu, mukufuna galanti yanji? Mverani. Sindikupempha kuti andisinthire matayala akutha kapena mabuleki odyeka. Chinthu chotha ndi ntchito n'chathu. Koma chinthu chimene chinalakwika pochipanga sichisanduka cholondola chifukwa galimoto yakwera sitima. Ku Japan komweko kuli lamulo la recall. Kampani ikapeza kuti inalakwitsa chinthu chokhudza chitetezo, imakanena ku unduna wa zamtengatenga, imalembera makalata eni galimoto, n'kukonza ulere, ngakhale galanti itatha kalekale, ngakhale mwini wake akhale wachiwiri kapena wachitatu. Vuto n'lakuti kalatayo imapita pa adiresi ya ku Nagoya kapena ku Osaka, pomwe galimoto yake inatsika kale pa Dar es Salaam, inalowa pa Songwe, pano ikunyamula anthu asanu ndi atatu ndi madengu a utaka kupita ku Chimwala. Makampaniwa akudziwa bwino lomwe kumene galimoto zawo zakale zimathera, chifukwa masipeya amatitumizira. Kalata yokha ndi imene imasochera.

Musaganize kuti kunjako makampani amavomera chifukwa cha mtima wabwino. Ku America, eni galimoto za Toyota Prius za 2006 mpaka 2009 zokhala ndi nyali za HID ankadandaula kuti nyali zikuthima zokha ali paulendo. Anthu analemba madandaulo ambirimbiri ku NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu. Bungwelo linafufuza mu 2009 koma silinalamule recall. Eni galimoto sanagone, anasumira kampaniyo pamodzi ngati gulu, ndipo mu 2011 Toyota inavomera kubweza ndalama kwa amene anakonzetsa okha ndi kutalikitsa galanti ya nyalizo kufika zaka 5 kapena mamailosi 50,000. Chimene anali nacho anthu amenewo ndi mapepala, malisiti, madeti, ndi kuchuluka kwawo. Kampani ya Takata, yopanga ma airbag amene ankaphulika n'kulasa anthu ndi zidutswa za chitsulo, inagwa mu 2017 galimoto mamiliyoni ambirimbiri zitaitanidwa kuti zikakonzedwe. Mudzifunse kuti mwa galimoto zimene zili pa siteji ya kwanuko ndi zingati zinalandirapo uthenga umenewo.

Ya mababu ndiye ndi yakale. Mu 1924 makampani akuluakulu opanga mababu a m'nyumba, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anakumana ku Geneva n'kupangana kuti babu lisamapitirire maola 1,000, ndipo amene wapanga lokhalitsa ankamulipiritsa chindapusa. Gulu limenelo limadziwika ndi dzina loti Phoebus. Sindikunena kuti pangano lija lilipobe. Ndikunena kuti zaka zana zapitazo anthu awa ankadziwa kale kuwerengera moyo wa babu mpaka pa ola. Ndiye wina asatiuze kuti babu lilibe tsiku, ndi mwayi wako. Wopanga amadziwa chimene waika mu katoni.

Apa ndi pamene akulowera achimwene athu a m'mashopu a sipeya. Katoni yolembedwa dzina la kampani yotchuka, ena mpaka Germany, koma zilembo zake zokhota, kawaya ka mkati kopendama, mtengo wake wosakwana theka la lenileni. Mumafunsa kasitomala kuti mukufuna la orijino kapena linalo, kusonyeza kuti mukudziwa. Lisiti simupereka, ndipo mukapereka pansi pake munadinda kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Bungwe la CFTC lakhala likunena poyera kuti mawu amenewo ndi osaloledwa, katundu akakhala wowonongeka wogula ali ndi ufulu wobweza. Lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003, ndipo lamulo latsopano la CFTC la 2024 linapatsa bungweli mphamvu yolipiritsa ochita malonda achinyengo. Kuli MBS yoona za miyezo ya katundu wolowa m'dziko muno. Kuli CAMA imene imalankhulira ogula. Koma onsewa sangalote kuti ku Namiasi kuli pulagi yosungunuka. Dandaulo lathu limathera pa bawo ndi mu gulu la WhatsApp, kenako timatumiza tizithunzi toseka.

Kunena zoona, munthu mmodzi wa ku Msaka sangagwedeze kampani ya ku Japan. Koma wa shopu amene wabwezeredwa mababu khumi mwezi umodzi amasintha kumene amapikula. Wobweretsa galimoto amene makasitomala ake onse ayamba kumufunsa ngati anafufuza recall asanaitanitse, amayamba kufufuza. Ndipo kalata yokhala ndi manambala a chasisi makumi atatu, zithunzi za mapulagi makumi atatu opsera pamalo amodzi, kope lina litapita ku CFTC, siyankhidwa ndi mawu oti imeneyo si yathu. Mwina ayankha kuti ayi, koma ayankhe polemba, asaine dzina la kampani pansi, tidzaone ngati angakonde kuti pepala limenelo liziyenda m'mafoni.

Ndiye kuyambira lero, babu lililonse mukagula itanitsani lisiti, akakana pitani shopu ina. Lembani deti pa katoni ndi bolopeni ndipo katoniyo musataye. Likapsa lisungeni, musaliponye m'nyanja. Pulagi ikasungunuka ijambuleni musanaidule. Nambala ya chasisi ili pa blue book ndi pa kachitsulo kokhomedwa mu boneti kapena pa mphuthu ya chitseko. Makampani akuluakulu a ku Japan ali ndi masamba pa intaneti pomwe mumalemba nambala imeneyo n'kuona ngati galimoto yanu inaitanidwapo ndipo sinakonzedwe. Zimalembedwa m'Chijapani, koma foni yanu imamasulira. Mukapeza kanthu, jambulani sikirini.

Madalaivala, mabwana anu awerengereni uthengawu, chifukwa chindapusa chimene akukudulanicho mwina mlandu wake uli mu olutaneta. A kabaza, mukaona nyali imodzi ikubwera usiku, tulukani mu tala kaye, muziona pambuyo kuti inali chiyani.

Loweruka lililonse masana, maboti akakhala pamtunda, ndimakhala pa dooko pamene mumandipeza nthawi zonse. Bweretsani galimoto, kuyeza olutaneta ndi mphindi ziwiri ndipo sindilipiritsa. Ndagula kope la masamba 96, ndizilembamo mtundu wa galimoto, chaka, nambala ya chasisi, ma volts ndi pamene papsa. Atatu aja ndawalemba kale. Amene muli kutali yezetsani kwa makaniko wa kwanuko, mutumize manambala ndi zithunzi mu gulu. Tikakwana makumi atatu, kalata tilembera limodzi, ndipo pakufunika mmodzi wa inu amene Chingelezi chinamuyendera bwino pa MSCE.

Tumizani ku magulu a madalaivala, a kabaza ndi a mavenda a nsomba.