Sayansi ya ulimi isamathere m'munda, ifike pa benchi la wamalonda

Mukaima pa Songani m'mamawa, m'mbali mwa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, muona katundu akufika kuchokera mbali ziwiri. Kumunsi kwa mapiri a Zomba ndi Malosa kumachokera tomato, kabichi ndi ndiwo zamasamba. Kuchigwa cha nyanja ya Chilwa kumachokera mpunga wa kusikimu ya Domasi, matemba ndi milamba yowamba. Chimanga, nandolo ndi mtedza zimalowa panjinga kuchokera m'midzi yozungulira. Katundu yenseyu ali ndi khalidwe limodzi: akangochoka m'munda kapena m'madzi, amayamba kutha. Wina amaola, wina amafumbwa, wina amachita chuku. Ndipo nthawi zambiri amathera m'manja mwa inu amalonda, mutalipira kale.

N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za sayansi ndi luso lamakono pa ulimi, koma tiyambire pamsika. Dziko lino likamakamba za sayansi ya ulimi, maso onse amakhala pa mbewu ndi feteleza. Kuyambira 2005 pomwe ndondomeko ya makuponi inayamba, kufikira pa AIP yomwe inalowa m'malo mwake mu 2020, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lakhala likupita kumeneko. Akatswiri athu nawonso sanagone. Ku Makoka konkuno ku Zomba anaonetsa kuti mitengo ya gilisidiya imabwezeretsa chonde m'munda wa chimanga. Ku Lifuwu m'boma la Salima amafufuza za mpunga. Mbatata zofiira mkati monga Kadyaubwerere ndi Chipika, zomwe zili ndi vitamini A, ndi zipatso za kafukufuku. Zonsezi n'zabwino. Koma thumba limene lafumbwa mu Okotobala silisiyana ndi thumba limene silinakololedwe n'komwe. Feteleza amene analowa m'chimangacho wadyedwa ndi anankafumbwe, pamodzi ndi mpamba wa munthu amene anachigula.

Luso loteteza zokolola lilipo kale, ndipo lambiri silifuna magetsi. Tiyambe ndi kuuma kwa mbewu. Chimanga chosunga chimayenera kukhala ndi chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti. Mukagula chosauma bwino mumaluza kawiri: mumalipira madzi pasikelo, kenako chimachita chuku m'thumba. Makampani akuluakulu ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi, n'chifukwa chake amakubwezerani katundu kapena kukudulani mtengo. Inu mulibe kachipangizoko, koma muli ndi botolo ndi mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani ndipo mudikire kwa mphindi zingapo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Musachigule pamtengo wa chouma, ndipo musachisokere m'thumba musanachiyanikenso. Kuluma njere ndi mano kumathandiza, koma mano amanamiza mukakhala ndi changu.

Amalonda a mpunga, inu nkhani yanu ndi ina. Mpunga wosapuntha ukauma mopitirira padzuwa lamphamvu, kapena ukanyowanso utauma kale, njere zake zimang'aluka mkati. Ukalowa m'chigayo umatuluka woswekasweka, ndipo mukudziwa kusiyana kwa mtengo pakati pa Faya kapena Kilombero wathunthu ndi wosweka. Musamangodzudzula mwini chigayo. Funsani mlimi kuti anayanika bwanji, ndipo mupunthitse kaye ndowa imodzi musanalipire matumba khumi.

Chachiwiri ndi thumba. Matumba a PICS anachokera ku kafukufuku wa yunivesite ya Purdue ku America, ndipo poyamba anapangidwira alimi a khobwe kumadzulo kwa Africa. Thumba lake lili ndi mapepala awiri apulasitiki mkati ndi saka kunja. Mukamanga pepala lililonse palokha mothina, mpweya sulowa. Tizilombo tomwe tili mkati timamaliza mpweya wotsalawo n'kufa tokha, popanda mankhwala. Thumba limodzi limatha kugwira ntchito zaka zingapo ngati silinabooke. Koma lili ndi malamulo ake. Mbewu ikhale youma ndi yopeta bwino, chifukwa kachitsotso kamodzi kakhoza kuboola pepala. Musamalitsegule pafupipafupi. Lisanjikeni pamatabwa, kutali ndi khoma komanso makoswe.

Ena munena kuti matumbawa ndi odula kuposa masaka wamba. N'zoona. Koma werengerani bwino. Mukasunga matumba khumi, limodzi n'kufumbwa, mwataya mtengo wa makilogalamu 50 a chimanga pamtengo wa Januwale, osati wa Meyi. Onjezanipo mtengo wa mankhwala othira, komanso wogula amene wanunkhiza mankhwalawo n'kupita benchi lina. Mukatero yerekezani ndi mtengo wa matumba khumi a PICS mutaugawa pa zaka zitatu. Aliyense awerengere ndi mitengo ya pamsika pake, koma awerengere ndithu, asangokana ndi pakamwa.

Chachitatu ndi chuku. Pali mtundu wa chuku umene umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin m'mtedza ndi m'chimanga. Saoneka ndi maso nthawi zonse, ndipo kuphika sikumuchotsa. Amaononga chiwindi, ndipo ndi amene anathandiza kutsekera mtedza wa Malawi misika ya ku Ulaya komwe kale unkayenda malonda. Apa amalondafe tisaloze chala alimi okha. Chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usendeke msanga kapena kuti ulemere pasikelo ndi kuitana chuku. Kupepeta mtedza woola n'kuugulitsa motchipa kuti anthu akasinjire ndi kudyetsa ana poizoni. Mwana amene adzadye nsinjirozo akhoza kukhala wa m'bale wanu yemwe.

Tsopano tiyeni kunyanja, chifukwa kumeneko kuli phunziro lalikulu. Kudzera mu pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuthana ndi kusintha kwa nyengo, yomwe inayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, magulu a amayi kudoko la Kachulu analandira matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa. Ndi kanyumba kamatabwa kokutidwa ndi pulasitiki yoonekera, mkati muli mathandala. Dzuwa limatenthetsa mkati, mpweya umadutsa, ndipo matemba amauma opanda mchenga, ntchentche kapena kunyowa ndi mvula. Nkhuni sizifunika. Matemba oyera chonchi amatha kuikidwa m'mapaketi n'kulowa m'sitolo za m'tauni, komwe matemba oyanika pansi sangafike.

Funso langa ndi ili: luso lotereli likagwira ntchito, n'chifukwa chiyani silifalikira lokha ngati momwe foni zam'manja ndi ma sola ang'onoang'ono zinafalikira? Taonani tochi ya sola. Inafalikira chifukwa wamalonda anaiika pa benchi, pamtengo woti munthu angakwanitse, ndipo ikaonongeka pali mnyamata pamsika woikonza. Luso limene limabwera pagalimoto ya pulojekiti, likapanda kulowa m'manja mwa amalonda, limatha tsiku limene galimotoyo yasiya kubwera. Pulasitiki ya tenti ikang'ambika, mayi wa ku Kachulu akaigula kuti? Mlimi wa kwa Malemia akafuna thumba la PICS mu Juni, alipeza pa Songani kapena akwere minibasi mpaka mu Zomba? Yankho la mafunso amenewa ndi limene limaonetsa ngati sayansi yafika kapena yangodutsa.

Choncho kwa inu ogulitsa zipangizo, apa pali geni. Matumba osalowa mpweya, malona oyanikira mbewu, pulasitiki ya matenti ndi makireti onyamulira tomato m'malo mwa madengu amene amaphwanya wa pansi, zonsezi ndi katundu woti akhoza kuyenda nyengo yokolola. Phunzirani kagwiritsidwe kake kuti muzilangiza ogula, chifukwa thumba logwiritsidwa ntchito molakwika limaipitsa mbiri ya katundu wanu yemwe. Ndipo kwa boma ndi mabungwe ndikuti: mukamaitana alimi kumaphunziro, muziitananso mavenda. Alangizi alipo ochepa, pomwe wamalonda amakumana ndi alimi ambirimbiri tsiku lililonse la msika. Kachipangizo kamodzi koyezera chinyezi, kosungidwa ndi komiti ya msika n'kumalipiritsa kandalama kochepa, kakhoza kuthetsa mikangano yambiri pakati pa ogula ndi ogulitsa. Chimodzimodzi sikelo yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Sikelo yobera imapha chikhulupiriro, ndipo mlimi amene wabeledwa chaka chino saona chifukwa chosamalira mbewu yake chaka chamawa.

Ndisakunamizeni kuti luso limathetsa zonse. Kusunga katundu ndi kubetcha kuti mtengo udzakwera, ndipo nthawi zina sukwera. Amene munali pa geni ya nandolo mu 2017 simunaiwale. Dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, litachepetsa mlingo wolowa m'dzikomo, mtengo unagwa ndipo anthu anatsala ndi matumba m'nyumba. Palibe thumba la PICS limene likadawapulumutsa. Nyanja ya Chilwa nayo inaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo tenti siingaumitse matemba amene kulibe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinatikumbutsa kuti pali zaka zina zomwe ngakhale chosunga chimasowa. Koma taonani mbali inayo: chaka chimene zokolola zachepa ndi chomwe kilogalamu iliyonse yopulumutsidwa imakhala ya mtengo wapatali.

Apa ndi pomwe foni imalowera. Musanalipire galimoto yopita ku Limbe kapena ku Liwonde, imbani kaye kwa anthu awiri kapena atatu osadziwana, mumve mtengo wa tsikulo. Dziwani mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza chaka ndi chaka. Lipirani ndi kulandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo moyenda ndi ndalama m'thumba, koma muwerengere ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa, chifukwa nayonso imadya phindu. Ndipo musaike mpamba wonse pa mbewu imodzi, ngakhale mnzanu atalumbira kuti ikwera.

Ngati mpamba ndi wochepa, yambani pang'ono. Nyengo ikubwerayi gulani matumba awiri osalowa mpweya, ena musunge monga mwa nthawi zonse. Lembani m'kope tsiku, mtengo wogulira ndi kulemera kwa thumba lililonse. Podzatsegula muyezenso, mupete, muone chimene chatsala. Kumeneko ndiye kufufuza, ndipo sikufuna digiri. A m'mabanki m'khonde mukhoza kusonkherana n'kugula lona limodzi kapena makireti oti muzibwerekana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Akatswiri a ku Makoka, Lifuwu ndi Chitedze achite mbali yawo, alimi achite yawo. Koma pakati pa munda ndi mbale ya nsima pali inu, ndipo zimene zimatayika pamenepo zimatuluka m'thumba mwanu. Mukapita kukapikula sabata ino, musaiwale botolo ndi mchere.