Masamba omatidwa ndi phala

Mdzukulu wanga wa Sitandade 7, amene amaphunzira pa sukulu ina ya mishoni, anabwera ndi buku la Life Skills kuti ndimuthandize kukonzekera mayeso. Potsegula ndinapeza kuti masamba ena apakati ndi omatana. Sichinali chinyezi cha dzinja ayi. Anamatidwa dala, mwaluso, ndi phala la ufa woyera, m'mbali monse bwinobwino. Nditaunika padzuwa ndinaona zithunzi za thupi la mtsikana ndi la mnyamata amene akutha msinkhu. Mwanayo akuti bukulo analilandira lili choncho, ndipo mphekesera ndi yoti anamata ndi bambo wina wa m'komiti ya sukulu, woimba kwaya, amene anati sukulu ya Chikatolika si malo a zolaula.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ana ena anachita zomwe mwana aliyense akanachita: kunyowetsa chala ndi malovu n'kumamatula pang'onopang'ono kuchokera pakona. Masamba omatidwawo ndiwo athetheka ndi manja kuposa ena onse, pomwe mutu wa kusamala ndalama udakali woyera mbee. Bambo wa kwayayo wagwira ntchito yomwe aphunzitsi imawakanika chaka chonse, yochititsa ana a Sitandade 7 kuwerenga buku popanda wowakakamiza.

Tiyambe ndi bodza lomwe timalikonda tonse, loti a kupulayimale ndi makanda. Papepala, mwana amayamba sukulu ali ndi zaka 6 ndipo amamaliza Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14. Papepala. Koma pitani kumudzi kwanu mukaime pamzere wa m'mawa. Wina anayamba mochedwa chifukwa mtsinje unali wodzaza, wina anabwereza Sitandade 3 kawiri, wina anasiya kaye n'kukagwira ganyu ya fodya. M'makalasi akumtunda muli atsikana a zaka 15 ndi 16, ndipo anyamata ena a Sitandade 8 amabwereka lezala ya abambo awo. Amenewa ndiwo makanda omwe tikuwateteza kuti asaone chithunzi cha thupi lomwe amasamba nalo tsiku ndi tsiku.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, boma lomwelo linawerenga atsikana oposa 40,000 omwe anatenga pathupi m'miyezi yochepa chabe. Palibe buku la Life Skills lomwe linapereka mimba zimenezo. Mabuku anali otsekeredwa m'makabati a ahedi.

Chondidabwitsa n'choti bambo wathu wa kwaya akuganiza kuti akutumikira Mpingo. Akanangofunsa bambo mfumu akanamva zina. Mu 1965 maepiskopi a dziko lonse lapansi, pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, analemba kuti ana akamakula aziphunzitsidwa nkhani za kugonana moyenera ndi mosamala. Sanalembe kuti muzimata masamba. Papa Francisko anabwerezanso mu 2016 m'kalata yake ya za banja, Amoris Laetitia, ndipo anachita kupatula gawo lonse lofotokoza chifukwa chake maphunziro amenewa ndi ofunika. Mpingo uli ndi njira yake yophunzitsira: kudziletsa, kulemekeza thupi, kudikira ukwati. Pa nkhani ya makondomu umasemphana ndi a zaumoyo, ndipo izi si zachinsinsi. Chabwino, phunzitsani mwa njira yanuyo. Koma kukhala chete si chiphunzitso cha Mpingo. Ndi manyazi athu chabe, omwe tawaveka korona m'khosi.

Ndikudziwa poti ena athawire. Anena kuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri analemba mu 1981 kuti kuphunzitsa mwana nkhani zimenezi ndi ufulu ndiponso udindo wa makolo, ndipo sukulu imangothandizira. N'zoona, analembadi. Nanga ndi bambo uti kuno kwathu amene anakhalapo pamkeka ndi mwana wake wamkazi n'kumufotokozera za kumwezi? Ngakhale mayi weniweni, mwambo sunkamulola. Mtsikana akagwa pansi ankathamangira kwa agogo kapena azakhali, ndipo iwo ndiwo ankaitana anamkungwi. Makolo athu sanali opusa. Ankadziwa kuti kholo lili ndi manyazi, choncho anakonza anthu ena oti azilankhula m'malo mwake. Lero azakhali ali ku Johannesburg, agogo ali kumudzi, mwana ali ku Ndirande kapena ku Kawale ndi foni ya mkulu wake. Udindo tinaulanda kwa anamkungwi ponena kuti amaphunzitsa zachikunja, mphunzitsi tikumukaniza ponena kuti ndi wa makolo, makolowo akungoyang'ana kumbali. Amene watsala akuphunzitsa mokhulupirika usiku uliwonse ndi TikTok.

Musandiuze za chilangizo cha kutchalitchi. Amayi athu alangizi ndimawalemekeza, amagwira ntchitoyi osalandira kanthu. Koma chilangizo chimabwera zinthu zitachitika kale, mtsikana atalira kale yekha kuseri kwa nyumba poganiza kuti wadwala matenda oopsa. Ndipo chikafika, nthawi yambiri imathera pa ulemu: gwada popereka madzi, usalowenso kuchipinda kwa makolo, usathire mchere m'ndiwo. Za mmene mimba imabwerera zimangodutsidwa ndi chiganizo chimodzi, "anyamata uziwaopa". Awaope bwanji poti amakhala nawo desiki imodzi?

Izi zimandikumbutsa mphunzitsi wathu wa sayansi, Mulungu awuse mzimu wake. Tinaphunzira duwa mwezi wathunthu. Tinalijambula, tinaliduladula, tinaloweza mmene njuchi imanyamulira mungu kuchoka pa duwa ili kupita pa ilo. Mpaka lero mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kukujambulirani duwa la nyemba. Titafika pa mutu wa munthu, aphunzitsi anayang'ana wotchi, anatsokomola, n'kunena kuti, "Izi mukawerenge nokha." Chaka chisanathe atsikana ena m'kalasi mwathu anasowa, ndipo tinkangouzidwa kuti anapita kwa amalume awo. Nthawi imeneyo wotenga mimba sukulu inkathera pomwepo. Lamulo lolola mtsikana kubwerera akabereka linadza mu 1993. Anyamata omwe anawapatsa mimbazo ena ndi mabwana lero, amakhala mipando yakutsogolo pa Misa.

Apa ndiye pamene pamandiwawa kwenikweni. Maphunziro onse a khalidwe timawaunjikira mtsikana. Iye ndiye atalikitse siketi, iye ndiye akane, iye ndiye achititse manyazi banja. Mnyamata palibe amamuitanira pambali. Mawu ake akayamba kukula timangoseka kuti wakula, basi. Palibe womuuza kuti mtsikana akati ayi ndiye kuti ayi, kuti kugwira mnzake bere pamzere wa phala si masewera, kuti zomwe akuona pafoni ndi malonda a anthu osati chikondi. Ngati pali malo omwe mnyamata wa zaka 12 akanamva zimenezi kuchokera kwa mwamuna wamkulu waulemu wake, ndi pa sukulu ya mishoni, pomwe amayamba tsiku ndi pemphero.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mpingo unalira mvula pomwe unayamba kumanga sukulu, kuchokera pa mishoni ya Nzama yomwe inatsegulidwa mu 1901 ndi ya Mua ya mu 1902 mpaka lero pomwe sukulu zake zili m'dayosizi iliyonse. Unapempha ana, ndipo ana anabwera ndi matupi awo. Sungalandire mwana wa zaka 6 n'kumusunga zaka 8, kumuphunzitsa katekisimu, kumukonzekeretsa Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso, kenako n'kudabwa kuti wamera mabere.

Palinso china chomwe sitikonda kuchitchula. Mwana amene sanauzidwepo kuti ziwalo zina za thupi lake palibe wololedwa kuzigwira, kaya ndi malume, kaya mphunzitsi, kaya wovala mkanjo, sadziwa n'komwe kuti walakwiridwa. Akadziwa, alibe mawu okanenera. Mpingo wa Katolika unaphunzira zimenezi mowawa ku Boston mu 2002 ndi ku Ireland, komwe lipoti la Ryan la 2009 linaulula nkhanza zomwe ana anachitiridwa zaka zambiri m'nyumba zoyendetsedwa ndi a chipembedzo. Ogwirira ana amakonda mwana wophunzitsidwa kukhala chete. Phunziro loti thupi ili ndi langa silifuna kudikira Sitandade 7. Mwana wa Sitandade 1 akhoza kulimva, pamodzi ndi nambala ya 116 yoimbira akazunzidwa.

Ku Ireland komweko, komwe sukulu zapulayimale pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zili m'manja mwa Mpingo, maepiskopi anatulutsa mu 2021 maphunziro awoawo a nkhani zimenezi otchedwa Flourish. Anthu anakangana nawo kwambiri, ena ati achepetsa, ena ati alowetsamo chipembedzo chochuluka. Mkangano wotero ndi womwe ndikuufuna pa sukulu ya mdzukulu wanga: asisitere, alangizi, amayi a mother group, aphunzitsi ndi makolo akhale pansi teremu isanayambe, atsegule bukulo tsamba ndi tsamba, agwirizane kuti izi zinenedwa mu Sitandade 4, izi mu Sitandade 6, wonena ndi uyu, anyamata apita ndi uyu. Amene akuopa kuti mabungwe akunja alowetsa zachilendo abwere adzaloze tsamba lenilenilo, timve. Mantha amenewo sindikuwanyoza, koma abwere nawo kumsonkhano.

Ndipo poti komiti idzakhala itakumana kale, ionenso za ndalama ya chitukuko ya teremu ino. Pa sukulu imeneyi atsikana akuluakulu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa zimbudzi zawo zilibe zitseko. Mpanda wa kumaofesi wapentedwa kale kawiri. Chitseko, loko ndi ndowa ya madzi sizingafike pa mtengo wa utoto umenewo.