Mwana akathyoka pachigongono, opaleshoni ichitike liti?

Nyengo ya mango ikafika, zipatala zimalandira ana ambiri othyoka mkono atagwa mumtengo. Kawirikawiri fupa limathyoka pamwamba pang'ono pa chigongono, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 7. Likasemphana kwambiri, madokotala amaliwongola n'kuligwiriza ndi timawaya tomwe amachotsa pakatha sabata zitatu kapena zinayi.

Makolo ena amakwiya akauzidwa usiku kuti opaleshoni idikire m'mawa, koma uku si kunyozera ayi. Kale madokotala ankathamangira kuthiyeta usiku womwewo, koma kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2000 adaonetsa kuti ngati dzanja lili lofunda ndipo magazi akuyenda bwino, kudikira mpaka kuche sikuononga kanthu.

Nkhani imasintha dzanja likazizira, chikhatho n'kutuwa. Apa ndiye kuti mwina fupa lapana mtsempha wamagazi, ndipo minofu ikatha maola pafupifupi 6 osalandira magazi imayamba kufa. Mapeto ake zala zimapindika osawongokanso, chilema chomwe dokotala wa ku Germany, Richard von Volkmann, adachifotokoza mu 1881.

Choncho choopsa si usiku umodzi womwe mwana amagona muwodi anamwino akumuyang'anira, koma masiku omwe amatayika pakhomo akumuthowa kapena kumumanga zolimba ndi timitengo. Pakatha sabata ziwiri, fupa la mwana limakhala litayamba kulumikizana mokhota.

Udindo wa kholo ndi kufikitsa mwana kuchipatala tsiku lomwelo. Ola la opaleshoni asankhe dokotala ataliona dzanjalo.