Mmisiri mmodzi sangakhale pawiri



Ndipatseniko danga ndilankhulepo za chitukuko cha m'midzi. Anthu akaona midadada ya sukulu ya ndalama za CDF ili chiimire yopanda denga amangoti ndalama zinabedwa. Kuba kulipo ndithu, koma vuto lina ndi kusadziwa kuyala ntchito molingana ndi manja amene tili nawo.

M'dera limodzi mupeza komiti ya sukulu ikumanga buloko, mpingo ukukuza tchalitchi, a VDC akufuna mlatho, zonsezi mu Okutobala. Mmisiri wodalirika ndi yemweyo, ngolo zotuta mchenga ndi ziwiri zomwezo, amayi otunga madzi ndi omwewo, komanso akufunika kumunda kukagalauza. Mapanga awiri avumbwitsa. Mu Juni, anthu atakolola, ngolo zinkangokhala.

Odziwa kukonza ndondomeko ya ntchito ali ndi njira ziwiri. Ngati tsiku lomalizira silingasunthe, monga denga loyenera kukhomedwa mvula isanagwe, amasuntha ntchito zimene zingadikire popanda kuchedwetsa zinzake. Maziko, khoma ndi denga zimatsatana, sizisunthika. Koma pulasitala wa m'kati ndi kupenta angadikire, mmisiri apume kapena akathandize kwina. Ngati manja ndi ochepa moti ngakhale mutatero sizikukwana, tsikulo ndilo liyenera kusuntha, ndipo anthu auzidwe poyera. Apa ndi pamene andale amakanira, poti tsiku lodula riboni analilengeza kale pa msonkhano.

Ife aphunzitsi akale tinaziona mu 1994. Maphunziro aulere a pulaimale anali chinthu chabwino, sinditsutsa. Koma ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi, boma nkulemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 ambiri a iwo osaphunzira zauphunzitsi, makalasi nkukhala pansi pa mitengo. Maphunziro awo a MIITEP anadzayamba mu 1997. Tsiku linasungidwa, amene analipira ndi ana a Sitandade 1.

Pempho langa lipite kwa abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu, poti anthu amene mumawaitana ndi amodzimodzi. Khalani pamodzi mu Epulo, mulembe amisiri, ngolo ndi masiku amene mudzi ungapereke, kenaka mugwirizane ntchito yoyamba. Ngati tchalitchi chidikire chaka chamawa, mulengeze pa guwa.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.